Mtengwa wa a Daka pa Msonkhano wa Masheya

Lipoti la pachaka la Mlambe Stores linafika pa desiki panga likunyezimira ngati khadi la ukwati. Pachikuto panali mayi wina akukankha kangolo kodzaza ndi katundu, akumwetulira ngati zinthuzo wapatsidwa ulere. Patsamba lachitatu panali apongozi anga, a Nicodemus Daka, atapinda manja, nawonso akumwetulira. Ndinali nditakhala m'banja lawo zaka ziwiri, koma mano awo ndinawaona bwinobwino koyamba tsiku limenelo.

Ine ndine Bethany Kamanga, mwana wa ku Chelstone, mu Lusaka muno. Ndimagwira ntchito pa Cairo Road, mu ofesi imene imasunga ndalama za penshoni za aphunzitsi ndi manesi. Ntchito yanga ndi kuwerenga malipoti a makampani amene masheya awo ali pamsika, kenako ndiuze mabwana ngati tigule, tisunge kapena tithawe. Kunyumba, ku Woodlands, ndine mkazi wa Dingani Daka. Koma ku Kabulonga, kwa makolo ake, ndine mtengwa, cholengedwa chija chovala chitenje chimene chimabwera ndi madzi osamba m'manja chili chogwada.

A Daka anachoka ku Chipata ine ndisanabadwe. Anayamba ndi kasitolo kamodzi, ndipo lero Mlambe Stores ili m'matauni ambiri, iwo ali wapampando wa bodi komanso mkulu wa mpingo ku Reformed. Panyumba pawo pali dziwe losambiramo, sola padenga ndi geti lotseguka lokha. Chimodzi chokha chimene sanachisinthe ndi mwambo: mwamuna salankhula ndi mkazi wa mwana wake. Samugwira chanza, samuyang'ana kumaso, samutchula dzina. Mchere ukakhala pafupi ndi ine patebulo, iwo amafunsa akazi awo kuti, “Amake Dingani, kodi mchere uli kutali?” Ndiye mcherewo umayenda ulendo wake, kuchoka kwa ine kupita kwa amayi, kuchoka kwa amayi kukafika kwa eni ake. Anthu amati umenewu ndi ulemu waukulu, ndipo ndikudziwa kuti ndi ulemudi. Koma ine zinkandiwawa. Ndinkalakalaka tsiku lina atandifunsako maganizo anga ngati munthu amene anapita kusukulu.

Lipoti la kampani saliyambira kutsogolo. Kutsogolo kumakhala zithunzi ndi mawu a wapampando, ndipo chaka chimenecho apongozi anga anachitcha “chaka cha madalitso”. Ine ndinayambira kumbuyo, kumene zilembo zimachepa ngati nyerere. Phindu linali litakweradi, mpaka analilemba ndi manambala akuluakulu obiriwira. Koma malonda sanakwere. Ndalama zenizeni zotuluka zinali zambiri kuposa zolowa. Katundu wosagulidwa anali atachuluka pafupifupi kawiri, ndipo yense anali atalembedwa pa mtengo wake wakale, ngati kuti mawa m'mawa anthu adzamulimbirana. Dividendi imene ankalonjeza eni masheya inali yochokera ku ngongole ya ku banki. Kwathu munthu wotere timamudziwa: amakongola ndalama kuti achite phwando losonyeza kuti ndi wolemera.

Katunduyo sanali wovuta kumudziwa. Ndinalowa mu Mlambe ya ku Northmead, kenako ya ku Chelstone, ndipo konse ndinalandiridwa ndi mizere ya masitovu amagetsi, maketulo ndi mahita, fumbi lili mbuu. A Mlambe anawagula ambirimbiri nthawi yomweyo imene magetsi anayamba kuzima tsiku lonse, Lusaka yense n'kuthamangira gasi ndi mbaula. Otsala anali mu nyumba yosungira katundu ku Makeni, ndipo izi zinali m'lipoti momwemo kwa aliyense wofuna kuwerenga. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake ukwati uliwonse wa kutchalitchi kwathu mphatso ya a Daka imakhala sitovu yamagetsi. Anthu ankati ndi owolowa manja.

Bwana wanga, ba Mwaba, anabwera n'kukhala pakona ya desiki yanga, lipoti lawo lili m'manja.

“Shani, Bethany. Waona vamene naona?”

“Naona, ba Mwaba.”

“Good. Ku AGM, msonkhano wa eni ma-shares, uzaimilila, uzafunsa pali stock. Straight, osazungulila.”

“Ba Mwaba, muziba kuti ba Chairman ni bapongozi banga.”

“Niziba. Ninadya nkuku pa ukwati wako, inali youma. Manje nitume ndani? Sean ali pa leave. Kabwe akaona ma-figures amayamba kupempela. Ku AGM kulibe bapongozi, kuli Chairman. Izi ni ndalama za ma-teacher, mwana wanga, si za ku kitchen party.”

Ananena zoona, ndipo ichi ndicho chinandikwiyitsa kwambiri. Ndinadziwa pomwepo kuti funso limeneli likhoza kundithetsera banja. Mtengwa amene sapereka mchere m'manja mwa apongozi ake, angawafunse bwanji pagulu kuti phindu lawo lili kuti?

Madzulo ndinamuuza Dingani. Mwamuna wanga ndi munthu wabwino, wa mtima wofewa, injiniya wa zamafoni. Amatha kukwera nsanja yaitali mphepo ikuwomba, koma akamva kutsokomola kwa bambo ake amasanduka mwana wa sitandade wanu.

“Babe, osaniikamo,” anatero. “Ine niziba chabe ma-network.”

“Sinikuuza kuti uchite audit. Nifuna chabe ukauze ba daddy kuti funso ibwela, bakonzeke.”

“Ba daddy sibakamba vya business na ine. Uziba.” Anakanda m'mutu, kenako nkhope yake inawala ngati watulukira mankhwala a malungo. “Chita mwamene timachitila. Pitila kuli ba aunty.”

Choncho Loweruka ndinanyamula lipoti la kampani ya pamsika wa masheya, shuga ndi thireyi ya mazira, ndinapita ku Kabwata kwa azakhali anga a Rachael, amene ndi ankhoswe a ukwati wathu. Ndinakhala pamkeka n'kuwafotokozera zonse, tsamba ndi tsamba. Anamvetsera bwino, magalasi ali pamphuno.

“Ndiye kuti katundu sayenda,” anatero.

“Sayenda, aunty.”

“Ndipo iwo alemba ngati ayenda.”

“Ndiye pamene pali nkhani.”

“Hmm. Nizakamba na a Amock.”

A Amock ndi ankhoswe a kuchimuna. Uthenga unayenda monga umayendera mchere uja: kuchoka kwa ine kupita kwa azakhali, kwa azakhali kupita kwa a Amock, kwa a Amock kupita kwa amake Dingani, mpaka unakafika. Ine ndinali wonyada ndithu. Ndinkaganiza kuti ndapeza njira imene sukulu zonse za bizinesi sizinaiganizirepo.

Yankho litabwera anandiitanitsanso ku Kabwata. Ndinapeza azakhali sali okha. Panali amayi awiri a chigwirizano, alangizi omwe aja anandiphunzitsa ndisanalowe m'banja, atakhala mondidikira ngati odwala pachipatala. Pakona panali katoni yaikulu.

“A Daka amva,” anatero azakhali. “Akuti mwana asavutike na zinthu za akulu. Atumiza na mphatso.”

Sindinafunikire kutsegula katoniyo. Chithunzi cha sitovu chinali pambali pake.

Kenako alangizi anayamba ntchito yawo. Anandikumbutsa kuti za m'nyumba sizituluka panja, kuti mkazi ndi chitseko cha banja, kuti ukayenda siya phazi chifukwa ukasiya mlomo ukutsata. Ndinawauza mwaulemu kuti za m'nyumba zimenezi zinasindikizidwa m'nyuzipepala, masamba awiri athunthu, ndipo kampaniyo inalipira yokha kuti zituluke.

“Newspaper ni newspaper,” anatero mmodzi. “Iwe ndiwe mtengwa.”

Pa mfundo imeneyo panalibe digiri yoti n'kuyankha. Alangizi atamwa tiyi ndi kupita, azakhali anandiperekeza kugalimoto. Amandikonda, ndipo ankaona kuti ndathedwa nzeru.

“Mvela, mwana wanga,” anatero chapansipansi. “Ngati nchito yakukakamiza kukamba, kamba. Koma kamba monga mwana wa anthu. Uvale chitenje, ugwade, osawayang'ana kumaso, osawatchula dzina. Mau upeleke kupitila mwa wina. Munthu wogwada samenyedwa.”

Ndinaona kuti ndi nzeru zakuya. Ine, ndi madigiri anga awiri, ndinabwerera ku Woodlands ndikuimba m'galimoto, sitovu ikugwedera kumbuyo.

Msonkhano wa eni masheya unachitikira mu hotela ina m'tauni. Amene sanapiteko ku msonkhano wotere amaganiza kuti kumakhala anthu a maso akuthwa, odziwa kuwerengera. Kumakhala madala opuma pantchito, ovala majekete a m'nthawi ya ukwati wawo, aliyense ali ndi timasheya take tochepa ndi njala yaikulu. Amabwerera nkhuku, kabotolo ka zakumwa ndi ambulera yolembedwa dzina la kampani. Lipoti amalinyamula bwino kwambiri, chifukwa limathandiza kudzikupiza kukatentha.

Apongozi anga anakhala pakati pa tebulo lalitali, mlembi wa kampani kudzanja lawo lamanja, odita wofufuza mabuku a ndalama kumapeto. Amake Dingani ndi Dingani anali pamzere woyamba. Ine ndi ba Mwaba tinali chapakati. A Daka analankhula za chaka cha madalitso, anthu anaomba m'manja, ndipo nthawi ya mafunso inakwana. Bambo wina anafunsa chifukwa chake maambulera a chaka chino ndi aang'ono. Wina anaimirira kuthokoza bodi, n'kuthokoza Mulungu, n'kuthokozanso bodi. Mayi wina anadandaula kuti mu Mlambe ya kwawo atsikana a pa tilu samwetulira. Onsewa anayankhidwa mwaulemu, ndipo mlembi anali atayamba kale kusonkhanitsa mapepala ake.

“Pali funso lina?” anafunsa, maso ali pa wotchi.

Ba Mwaba anandigunda ndi chigongono.

Ndinaimirira. Ndinatulutsa chitenje m'chikwama, ndinachimanga pamwamba pa suti yanga, ndinayenda mpaka pa maikolofoni. Ndinaichotsa pa kamtengo kake, ndinagwada pakapeti, ndinaiika pansi kaye kuti ndiombe m'manja. Phokoso lonse la m'holomo linatha. Ngakhale a maambulera aja anasiya kudzikupiza.

“Ba Secretary,” ndinatero, maso ali pansi, “napapata, munipelekeleko mau kuli batate ba pa mpando.”

Kenako ndinafunsa m'Chingerezi choyera, monga ndinakonzera. Ndinati malonda sanakwere, katundu wosagulidwa wachuluka pafupifupi kawiri, ndalama zotuluka zaposa zolowa, ndipo dividendi ikuchokera ku ngongole. Ndinapempha kudziwa ngati masitovu ali ku Makeni akadali a mtengo umene walembedwa m'buku, ndiponso kuti phindu lingatsale lotani atawalemba pa mtengo umene angagulidwe nawo lero. Ndinaombanso m'manja n'kudikira.

Tsopano ndikuuzeni zimene azakhali anga, alangizi, ndi ine mwini sitinaziganizire. Ndikanaimirira mu suti yanga n'kufunsa funso lomweli, ndikanakhala kamtsikana kena ka pa Cairo Road kofuna kuonetsa sukulu. Wapampando akanati funso lamveka, madala akanayasamula, tonse tikanapita ku nkhuku. Koma mu Lusaka muno palibe amene amagwadira wapampando wa bodi. Munthu amagwadira apongozi ake. Ndi maondo anga awiriwa ndinauza holo yonse kuti ndine yani.

“Uyu ni mpongozi wao!” anatero mayi wina kumbuyo kwanga, mwa kunong'ona kuja kumene kumamveka mpaka panja.

“Wa ba Daka? Mukazi wa mwana wao?”

“Ninshi ni zoona. Ngati mpongozi ndiye akamba, amvela mu nyumba.”

Mawuwo anayenda mzere ndi mzere. Mafoni anakwera m'mwamba kundijambula. Madala amene chibadwire sanapitirirepo tsamba la zithunzi anayamba kunyowetsa zala, kufunafuna pamene palembedwa za Makeni. Zonse zimene ndinanena zinali m'manja mwawo kwa milungu ingapo, zosindikizidwa bwino, koma palibe anazikhulupirira mpaka ataganiza kuti ndazimva patebulo la ku Kabulonga ndikupereka mchere. Bambo wa ambulera uja anali kale pafoni, akukuwa kuti, “Gulisa! Nakuuza gulisa yonse!” Odita anapeza chinthu chosangalatsa kwambiri kudenga ndipo sanachotseko maso.

Mlembi, munthu womvetsa chisoni, sanadziwe chochita ndi mawu amene ndinamupatsa. Anatembenukira kwa a Daka n'kuyamba kubwereza funso langa lonse, liwu ndi liwu, pa maikolofoni yake. Motero amene sanamve bwino koyamba anapatsidwa mwayi wachiwiri.

Sindinawayang'ane apongozi anga, monga ndinalangizidwira, choncho sindikudziwa kuti nkhope yawo inali yotani. Ndinangomva mawu awo, osanjenjemera ngakhale pang'ono. Anati funsolo ndi lofunika, bodi idzaliyankha polemba, ndipo msonkhano watha. Akulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma sananene kuti nkhonyayo ichokere kwa munthu wogwada.

Nditabwerera pampando, ba Mwaba anali atagwira mutu ndi manja awiri.

“Iwe Bethany, wachita chani? Nakuuza ufunse funso, osati uchite mwambo wa ukwati monga chilanga mulilo. Manje tizagulisa bwanji ma-shares yatu, aliyense atawa?”

Za masheya zinali zitandichoka m'mutu. Ndinkayang'ana msana wa Dingani pamzere woyamba, ndipo msanawo sunatembenuke.

Anthu anatuluka mopanikizana, ena kukaimba mafoni, ena, okhulupirika pa chimene anabwerera, kukaima pamzere wa nkhuku. Ine ndinaima panja pafupi ndi khomo, chitenje chikadali m'chiuno. Ndinkadziuza kuti ndachita zonse mwa dongosolo. Ndinadutsa kwa ankhoswe, ndinachenjeza, ndinagwada, sindinatchule dzina la munthu. Ngati pali mtengwa mu Zambia muno amene anafunsapo za katundu wosagulidwa mwaulemu woposa pamenepa, abwere tidzaonane.

Ndili m'maganizo amenewa ndinaona a Daka akutuluka, amake Dingani ndi Dingani ali pambuyo pawo. Ndinayembekeza kuti apatuka, monga amachitira tikakumana m'khonde ku Kabulonga. Sanapatuke. Anabwera molunjika kwa ine. Maondo anga anayamba okha kupinda.

“Imani, imani,” anatero.

Anatambasula dzanja. Ndinaliyang'ana ngati sindinaonepo dzanja la munthu. Panalibe kothawira, choncho ndinaligwira. Linali lofunda, lolimba, ndipo anandigwira chanza bwinobwino monga amachitira ndi anthu a ku banki. Anandiyang'ana m'maso.

“Miss Kamanga,” anatero. “Mwawerenga bwino. Pa anthu onse anali muja, ndinu nokha munawerenga. Yankho lidzabwera ku ofesi kwanu.”

“Zikomo, atate,” ndinatero.

“Mr Daka,” anandikonza mofatsa. “Mukapereke moni kwa makolo anu ku Chelstone.”

Kwa zaka ziwiri ndinkafuna munthu ameneyu atandiyang'ana, atanditchula dzina, atandiuza kuti ndili ndi mutu. Anachita zonsezo nthawi imodzi, pamaso pa akazi awo ndi mwana wawo, ndipo mtima wanga unazizira ngati ndamva uthenga wa maliro. A Daka si munthu woiwala mwambo. Sakanagwira chanza mkazi wa mwana wawo.

Amake Dingani anadutsa osandiona. Ndinayang'ana Dingani. Ndinkangofuna liwu limodzi, ngakhale lokalipa. Iye anali kuyang'ana nsapato zake, chikwama cha bambo ake chili m'manja. Dalaivala anabweretsa galimoto, Dingani anatsegulira amayi ake chitseko, anatsegulira bambo ake, kenako anaima pang'ono atagwira chitseko chakutsogolo. Ndinaganiza kuti atembenuka. Analowa.

M'mawa uja tinabwera limodzi pa galimoto yathu, ndipo makiyi anali m'chikwama mwanga. Ndinakalowa, ndinakhala kumbali ya wokwera, kumene ndimakhala iye akamayendetsa. Ndinadikira mpaka pamalo oimika magalimoto panatsala ine ndi mlonda.